Kuyenda wapansi masiku ambiri ndi mnzanu wapabanja

Kuno ku Kasungu mukauza anthu kuti inu ndi akunyumba kwanu mukufuna kuyenda wapansi masiku asanu, chikwama kumsana, kugona kumene dzuwa lakuloweraniko, funso loyamba limakhala lakuti, "Ya basi yasowa?" Lachiwiri, "Kwagwa zovuta?" Komatu kuyenda wapansi si kwachilendo kwa ife. Agogo athu ankafika ku Halale ndi ku Joni ndi miyendo, ndipo Kamuzu Banda naye ananyamuka konkuno cha m'ma 1915 wapansi kulowera ku Southern Rhodesia asanapitirire ku South Africa. Chachilendo n'kuyenda popanda chokuthamangitsa, mwamuna ndi mkazi wake, pongofuna kuona dziko.

Kunja kuli njira zimene anazilambula dala kuti anthu aziyendamo miyezi. Ku America kuli Appalachian Trail, ya makilomita pafupifupi 3,500, yochokera ku Georgia kukathera pa phiri la Katahdin ku Maine, ndipo woyenda yonse ulendo umodzi amatha miyezi 5 mpaka 7. Pacific Crest Trail ndi yaitali kuposa pamenepo, makilomita oposa 4,200 kuchokera kumalire a Mexico kukafika kumalire a Canada. Njira yotchuka ya Camino de Santiago ku Spain imayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France, makilomita pafupifupi 800. Kwathu kuno yotalika choncho kulibe, koma za masiku atatu, asanu, ngakhale sabata zilipo. Ndipo chimene chimabweza anthu awiri panjira n'chimodzimodzi, kaya ndi ku Maine kaya ku Mulanje. Miyendo imazolowera. Zimene sizizolowereka ndi nkhani zomwe simunakambirane muli kunyumba: asenza chiyani ndani, tiyendera mwendo wa yani, aphika ndani tonse titatopa, nanga wina akati "ine basi" zikhala bwanji.

Kambiranani kaye, chikwama chibwera pambuyo

Khalani pansi tsiku limene palibe wakwiya, mufunsane chimene aliyense akufuna paulendowu. Kawirikawiri mayankho amasiyana. Wina akufuna akaponde pamwamba pa Sapitwa, nsonga yaitali ya phiri la Mulanje, ajambulitse; mnzake akungofuna masiku angapo opanda foni ya kuntchito, opanda ana oitana "amama" mphindi iliyonse. Zonsezo n'zabwino, koma ndi maulendo awiri osiyana, ndipo mukapanda kuzitulutsa pano zidzatulukira pachitunda, wina akukoka wina wakhala pamwala. Ngati mnzanuyo akungovomera kuti akusangalatseni, musamukokere ku ulendo wa sabata. Yambani naye wa tsiku limodzi aone yekha.

Pangano limene ine ndimaliika patsogolo pa onse ndi ili: aliyense mwa awirinu ali ndi mphamvu yothetsa ulendo nthawi ina iliyonse, ndipo akatero nkhaniyo siidzakambidwa monyoza, kaya kunyumba kaya pamaso pa alamu. Munthu amene akudziwa kuti akadzati "ndalephera" adzasekedwa mpaka Khirisimasi amabisa bondo lotupa, n'kuyenda nalo mpaka pofika pomunyamula pamachira. Pobisa ululu abambofe ndiye timaposa.

Ndalama mugawane pawiri, zina zisunge mayi zina bambo, ndipo zambiri zikhale zing'onozing'ono chifukwa pagolosale ya kumudzi chenje chimavuta. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza mukafika pamsika, koma kuphiri netiweki ndi ya apo ndi apo. M'bale mmodzi wodalirika, makamaka amene mwamusiyira ana ndi ziweto, mumulembere papepala kumene mukagone usiku uliwonse, ndi tsiku limene ayambe kukufunafunani mukapanda kumveka.

Nyengo yake ndi Meyi mpaka Ogasiti. Mvula yatha, mitsinje yaphwera, chimanga chili m'nkhokwe, mtedza mwakumba, nazale za fodya sizinayambe. Juni ndi Julaye usiku kumazizira zedi, pa Nyika mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mawa, koma kuzizira mumakugonjetsa ndi juzi. Okutobala alibe mankhwala: dzuwa limaswa mtengo, zitsime zauma, tchire likupsa. Dzinja musaliyerekeze n'komwe kuphiri, miyala imaterera ndipo kamtsinje kamene munakalumpha m'mawa madzulo kamakhala kosaolokeka.

Yeserani konkuno

Ife a ku Kasungu dziko lathu ndi lathyathyathya, ndiye timadzinamiza kuti kuyenda timakutha. Kupita kumunda makilomita 5 ndi khasu paphewa n'kosiyana ndi kukwera maola 5 ndi makilogalamu 12 kumsana. Kwatsala masabata 6 kapena 8, yambani kuyenda limodzi ndi zikwama zomwezo, nsapato zomwezo. Poyamba ikanimo mabotolo a madzi ochepa, muziwonjezera sabata ndi sabata. Loweruka kwerani phiri la Kasungu, mutsike, ngati mphamvu zilipo mukwerenso. A ku Mchinji mapiri muli nawo pafupi, kungoti kumbali ya malire muziyenda ndi wodziwa malo, chifukwa si paliponse pamene pali chizindikiro chokuuzani kuti tsopano mwaponda Zambia.

Kenako chitani ulendo wogonera. Sankhani mudzi wa achibale umene uli pa makilomita 15 kapena 20, mupite wapansi, mukagone m'tenti panja ngakhale azakhali akukakamizeni kulowa m'nyumba, mawa lake mubwererenso wapansi. Tsiku lachiwirilo ndi limene limanena zoona. Mudziwa nsapato imene ikuluma, lamba amene akudya phewa, ndiponso liwiro lenileni la awirinu. Pamalo osalala anthu osenza amayenda makilomita pafupifupi 4 pa ola. Kuphiri makilomita amanama, muziwerenga maola: pa mamita 600 aliwonse okwera muwonjezere ola lathunthu, ndipo oyamba kumene awonjezere kuposa apo.

Nkhalango ya Kasungu National Park si yoyeserera. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde kuwonjezera pa zimene zinalimo kale, njati ziliponso, ndipo kulowamo wapansi popanda chilolezo ndi msilikali wa zanyama ndi mlandu. Mulinso kashembe, ntchentche yofalitsa matenda a kaodzera. Ngakhale m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalangoyi muzifunsa eni mudzi musanakhome tenti, chifukwa njovu zimatuluka usiku.

Kugawana katundu

Tonse tinakula tikuona chithunzi ichi pamsewu: mayi mtolo pamutu, mwana kumsana, jumbo kumanja, bambo patsogolo ndi kankhwangwa paphewa. Masiku ano palinso china chotembenuza, bambo wofuna kuonetsa chamuna n'kusenza zonse, mayi atangonyamula botolo. Zonse ziwiri zimathetsa ulendo tsiku lachitatu. Katundu agawidwe poona thupi ndi mphamvu, osati mwambo kapena matama.

Muyeso umene oyenda ambiri amatsata ndi wakuti chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa mwini wake. Wa makilogalamu 75 asenze 15, wa 55 asenze 11, madzi ndi chakudya zili momwemo, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu. Musayerekeze ndi dzanja. Pitani nazo zikwamazo pa sikelo ya ogula soya ndi mtedza, mupachike muone.

Yalani mphasa pabwalo, muike katundu milu itatu: wa bambo, wa mayi, wa tonse. Mulu wa tonse ndiwo phindu loyenda awiri, chifukwa tenti ndi imodzi, poto mmodzi, kambaula kamodzi, mpeni umodzi, sopo mmodzi woduladula. Mulu umenewu ndi umene mumagawa mokondera wofooka. Tenti imagawika, nsalu kwa wina zitsulo kwa wina. Milu iwiri inayo muidule mopanda chisoni. Zovala zoyendera ndi ziwiri, china pathupi china chochapa, kuphatikiza chogonera chouma chimene simuyenda nacho zivute zitani. Mwamuna aone mulu wa mkazi, mkazi aone wa mwamuna, chifukwa chosafunika cha mnzako chimaoneka msanga kuposa chako. Wailesi itsale. Mafuta odzola athiridwe m'kabotolo kakang'ono. Chitenje chokha musachikanize, mutenge ziwiri: ndi thaulo, ndi mthunzi, ndi sefa ya madzi, ndi bandeji, ndi ulemu pofika pamudzi.

Pali zinthu zimene sizigawidwa, aliyense akhale ndi zake m'chikwama chake: madzi, tochi, juzi, chovala cha mvula, machesi okulunga m'pepala la pulasitiki, kamba wa tsiku limodzi, chiphaso cha unzika, ndalama pang'ono ndi wezulo. Chifukwa chake n'chakuti mukasiyana mwangozi, kapena chikwama chimodzi chikagwera m'madzi, pasakhale wotsala manja ali m'khosi. Foni imodzi izikhala yozimitsa kuti batire lisungike.

Zikwama zabwino zimapezeka pa kaunjika mukakhala odekha. Funani chokhala ndi lamba wokhuthala wa m'chiuno, chifukwa katundu ayenera kukhala pachiuno, mapewa azingothandizira. Kokani malamba mwamphamvu, tsegulani zipi zonse, pamene pakukayikitsa mupereke kwa wosoka nsapato adutsepo ndi ulusi wake. Mkati muyalemo jumbo lalikulu. Zofunda pansi, zolemera pakati moyandikira msana, zofunika panjira pamwamba. Nsapato mugule madzulo phazi litafufuma, zotsala malo a chala kutsogolo, ndipo muziponde masabata angapo ulendo usanafike. Masokosi a thonje amasunga thukuta. A ubweya kapena osakaniza ndi nayiloni ndiwo abwino. Patapata wa madzulo musamuiwale.

Kugawaku si kwa tsiku limodzi. M'mawa uliwonse muzionanso. Chakudya chikamatha chikwama china chimapepuka, wina wadzuka ndi msana, wina ali kumwezi. Kusamutsa makilogalamu awiri kumasintha tsiku lonse.

Kamba ndi madzi

Pa chakudya ife tili ndi mwayi, chifukwa zimene oyenda akunja amagula modula ife tili nazo m'nkhokwe. Mtedza wokazinga, chiponde, chimanga chokazinga, usipa wouma, mfutso, nyama ya soya, mpunga, ufa wa phala wosakaniza kale ndi nsinjiro, shuga ndi mkaka wa ufa. Nyemba zisiyeni, zimadya nkhuni ndi nthawi. Nsima madzulo imakhazika mtima pansi, koma mpunga suvuta kutsuka poto. Ngati njira yanu ikudutsa m'midzi, musasenze za sabata yonse. Tomato, mbatata, mazira, zitumbuwa mugula panjira, ndipo kugulako kumakutsegulirani macheza. Kuphiri kokha ndiye mulowe ndi zonse, kuphatikiza za tsiku limodzi lapadera.

Muzidya pang'onopang'ono tsiku lonse, osadikira nkhomaliro. Mikangano yambiri ya panjira ndi njala yovala malaya a nkhani ina. Mukaona mawu ayamba kukwera pa nkhani ya njira imene mwaphonya, tulani zikwama, tafunani mtedza, imwani madzi, nkhaniyo muiyambe pakatha mphindi khumi ngati ikadalipo.

Madzi a pamjigo ndi odalirika kuposa ena onse. A pachitsime chosatseka, a mumtsinje, a padambo, muwasefe pachitenje kenako muwawiritse mpaka abwadamuke, kapena muthiremo WaterGuard motsata muyeso wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Tsiku lotentha munthu mmodzi amamwa malita atatu kapena anayi. Mkodzo ukayamba kufiira ndiye kuti mwachedwa kale kumwa. Tengani mapaketi a Thanzi. Akatha, mu lita imodzi ya madzi abwino thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere. Pamjigo uliwonse funsani kuti wotsatira uli pati. Ndipo wa kumudzi akati "ndi pompano", funsaninso kuti mukanyamuka tsopano mukafika dzuwa lili pati.

Mwendo wa yani

Apa ndi pamene maulendo ambiri a awiri amafera. Palibe anthu awiri oyenda liwiro limodzi. Wina amathamanga pachitunda n'kuvutika pamtsetse, wina mawondo ake ndi a mtsetse koma mpweya umamuthera pokwera. Lamulo n'lakuti wochedwa ayende patsogolo. Wachangu akakhala kumbuyo amakakamizika kutsata, ndipo amaona msanga mnzake akayamba kutsimphina.

Pali khalidwe lina loipa limene wachangu amalichita osadziwa kuti ndi nkhanza. Amatsogola, n'kukakhala pamthunzi, kupuma bwinobwino, kumwa madzi. Mnzake akangotulukira ali wefuwefu, iye nyamu, "Tiyeni." Ndiye kuti mmodzi wapuma kasanu, wina sanapumeko. Mphindi zopuma ziziyamba kuwerengedwa wotsalira akafika n'kutula chikwama. Ola lililonse mphindi khumi zikwana, masana ola lathunthu nsapato zili kunja.

Kunyamuka kukhale kwa m'bandakucha, kuti dzuwa likamafika paliwombo mbali yaikulu ya mtunda ikhale kumbuyo. Si zoti muzigundana mapewa tsiku lonse. Kutalikirana pang'ono, aliyense ndi maganizo ake, n'kwabwino, ndipo chete wa ola lathunthu si mkwiyo. Koma muzionana ndi maso, ndipo pamphambano palibe wodutsa yekha. M'nkhungu, m'nkhalango ndi powoloka mtsinje muzikhala pamodzi. Powoloka masulani lamba wa m'chiuno kuti mukagwa chikwama chivuke msanga, ndipo madzi othamanga akapitirira m'mawondo dikirani kapena funani pena.

Funso lakuti "Mwatopa?" ndi lopanda ntchito. "AnaPhiri, mwatopa?" "Ayi, tiyeni." "A Banda, bondo lija?" "Lili bwino." Onse akunama. Funsani zogwirika: phazi likuwotcha pati, madzi atsala ochuluka bwanji m'botolo, mutu ukupweteka kodi. Mapu ndi njira muzidziwe nonse, osati mmodzi kutsogolera wina kumangotsatira, chifukwa wodziwa njirayo ndi amene angadzakomoke.

Matuza amayamba ngati kamalo kotentha kuchidendene kapena pansi pa chala chachikulu. Imani pomwepo, ngakhale mwangopuma kumene. Vulani, pukutani phazi liume, matani pulasitala wotambalala bwino wopanda makwinya, sinthani sokosi. Thuza likatuluka kale koma laling'ono, lisiyeni, mungolitchinga. Likakula moti simungaponde, tsukani ndi sopo, wotchani singano pamoto, boolani m'mphepete, finyani madzi atuluke, khungu lapamwamba musalichotse, pakani mankhwala a zilonda n'kumata. Pansi pa phazi lako suona bwino, ndiye ntchito imeneyi ndi ya mnzako. Madzulo aliwonse muzionana mapazi ndi tochi, ndi nkhupakupa zomwe m'miyendo.

Kufika pamudzi

Miyezi yozizira dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, choncho pofika 4 koloko mukhale mutadziwa kogona. Mlendo wofika kuli mdima amaopsa. Funsani kwa amfumu, mukafike ndi "odi", mukhale pansi, mudikire moni. Kenako bambo kapena mayi afotokoze mosabisa: "Zikomo mfumu. Ife tachokera kwa Kaomba, tikuyenda wapansi kuona dziko. Awa ndi mayi akunyumba. Timapempha pokhoma katenti kathu usiku umodzi, mawa m'mamawa tilawira." Onetsani ziphaso musanafunsidwe. Kalata ya amfumu a kwanu yokhala ndi chidindo imafewetsa zinthu kwambiri.

Musazitenge mopepuka izi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera, ndipo okayikiridwa ambiri anali alendo chabe. Anthu awiri osadziwika, tenti, tochi ya pamphumi, kabotolo ka madzi kokhala ndi kapaipi, zonsezi m'maso mwa munthu wamantha zimasanduka nkhani ina. Tulutsani katundu wanu poyera, ana aone, akulu agwire, mufotokoze ntchito yake. Kukhoma tenti mobisala kuthengo pafupi ndi mudzi ndiko koopsa kuposa kugona pabwalo la amfumu. Pa esiteti ya fodya pemphani kwa kapitawo kapena mlonda.

M'dera lathu lino la Achewa, kankhalango ka mitengo ikuluikulu kotsala pakati pa minda nthawi zambiri ndi manda, ndipo kumeneko ndi kudambwe. Mthunzi wake umakopa masana, koma musalowemo, musatolemo nkhuni, musapiteko kukadzithandiza. Mukakumana ndi gule panjira patukani mwaulemu, kandalama muike pansi, foni ikhale m'thumba. Masamba oyalidwa pamsewu ndi maliro: chipewa chivulidwe, mayi amange chitenje, mudutse mwakachetechete. Ngati simunalowe m'banja, nenani zoona, ndipo akakugonekani kosiyana vomerani.

Pali kanthu kena kamene abambo ambiri sakaona. Mukangolandiridwa, bambo amapatsidwa mpando, mayi amaitanidwa kukhitchini kukathandiza kusonkha moto, chonsecho mtunda mwayenda ndi umodzi. Mayiyo sangakane yekha pamudzi pa eni. Ndi bambo woyenera kulankhula, mwaulemu: "Pepani amayi, anzangawa ayenda kuchokera m'mawa, mapazi atupa, ayambe apuma." Pa ntchito zanu za madzulo gwirizanani kale: wina akukhoma tenti ndi kuyala, wina akutunga madzi ndi kuphika, mawa musinthana. Anyamata a pamudzi adzaseka kuona bambo akuvundula nsima mkazi atakhala. Sekani nawo. Ponyamuka siyani kangachepe, sopo, shuga kapena ndalama, ndipo zinyalala zanu zipite nanu.

Kumene kulibe chimbudzi, kumbani kadzenje kakuya ngati chikhatho, kutali ndi madzi ndi njira masitepe 70 kapena kuposa, mukwirire.

Za umoyo

M'kathumba ka mankhwala mukhale pulasitala wambiri, bandeji, Panado, mankhwala a zilonda, Thanzi, singano ndi kalezala. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, ma ARV, mapiritsi olera, atenge opitirira masiku a ulendo, ndipo agawidwe m'zikwama zonse ziwiri. Woyembekezera kapena wodwala mtima ayambe wafunsa kuchipatala. Za kumwezi muwerengere limodzi pokonza masiku, abambo musachite nazo manyazi. Mapadi okwanira, jumbo lake lapadera, madzi osamba ndi mtunda wofupikirapo masiku amenewo.

Neti ya udzudzu ndi yopepuka, itengeni ngati tenti yanu ilibe yake kapena mukagona m'nyumba za eni. Kutentha thupi kulikonse mukayezetse malungo pachipatala choyandikira, osangomwa Panado n'kupitiriza. M'madamu ndi m'madzi odikha a padambo musasambemo, muli likodzo. Njoka ikaluma, musacheke, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Wolumidwayo agone, mwendo usagwedezeke, vulani mphete ndi nsapato, mnzake aitane anthu ndi kupeza njinga yamoto kapena ngolo ya kuchipatala. Ndodo yoyendera ndi kuyang'ana poponda zimapewetsa zambiri.

Kopita

Ulendo woyamba wa masiku atatu kapena anayi ungakhale wa konkuno, mudzi ndi mudzi, mwachitsanzo kuchokera cha ku Kapiri ku Mchinji kulowera ku Santhe, motsata njira za m'midzi osati m'mphepete mwa tala. Ubwino wake ngwakuti mijigo ili pafupipafupi, ndipo zikavuta kabaza sasowa.

Mukakhwima, Mulanje. Kuchokera kuno ndi tsiku lathunthu pabasi kudzera ku Lilongwe ndi Blantyre, ndiye muwerengere masiku awiri a pamsewu. Ambiri amayambira ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango ndi kumene mumapeza operekeza ndi onyamula katundu. Pamwamba pali tinyumba togona alendo, monga Chambe, Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama ndi Sombani, tili ndi alonda, nkhuni ndi madzi pafupi, choncho tenti ingatsale. Kudutsa phiri lonse kuchokera ku Likhubula kukatsikira ku Fort Lister mbali ya Phalombe kumatenga masiku asanu kapena asanu ndi limodzi. Woperekeza musamuone ngati kuwononga ndalama. Chiperoni chikagwa, nkhungu imatseka moti mnzako wa patsogolo sumuona, ndipo mu 2003 ndi 2009 alendo ochokera kunja amene anakwera okha ku Sapitwa sanabwereko amoyo. Namondwe wa Freddy mu 2023 anagumulanso malo ambiri m'phirimo, ndiye za njira mverani amene akuyendamo masiku ano. Mtengo mugwirizane musananyamuke. Kulemba wonyamula katundu mmodzi kuti nonse mupepukidwe si manyazi.

Sapitwa, pa mamita 3,002, amakwerera ku Chisepo, kupita ndi kubwera tsiku limodzi, malo ena chokwawa ndi manja pamiyala. Apa pokha ndi pamene ndimavomereza kusiyana: ngati mmodzi sakufuna, atsale pakanyumba ndi mlonda aziwotha moto, winayo apite ndi woperekeza. Wotsalayo asanyozedwe, wopitayo asaletsedwe.

Kumpoto kuli njira ya pa Nyika, kuchokera ku Chelinda kukatsikira ku Livingstonia, masiku atatu, kugona m'tenti, moperekezedwa ndi msilikali wa zanyama. Imafuna kukonzeratu ndi a nkhalangoyo komanso galimoto yokufikitsani ku Chelinda kudzera ku Rumphi, ndipo usiku wake umafuna zofunda zenizeni. Mukafika ku Livingstonia muone mathithi a Manchewe, kenako mutsike msewu wokhotakhota wa Gorodi mpaka ku Chitimba, pa M1, kumene mungakwere zobwerera.

Njira ina iliyonse imene mwasankha, lembani pambali pa tsiku lililonse potulukira pake: msika wapafupi, chipatala chapafupi, njira yachidule yotsikira. Ulendo ukapitirira masiku anayi, ikanimo tsiku limodzi losayenda, lochapa, kuyanika ndi kugona masana. Mmodzi akathetsa ulendo, mutuluke nonse. Wodwala sakwezedwa kabaza yekha kuti mnzake akamalize.

Mukafika kunyumba musapangire ntchito yolemetsa mawa lake, mapazi amakhala otupa masiku awiri kapena atatu. Tenti ndi zofunda muyanike zisanachite nkhungu. Thupi likatentha m'masabata awiri kapena atatu otsatira, kayezetseni malungo ndipo muwauze achipatala kumene munali, makamaka ngati munadutsa kufupi ndi nkhalango ya kashembe. Pomasula zikwama yalaninso mphasa ija, muike pambali chilichonse chimene sichinagwire ntchito. Kupatula mankhwala, wezulo ndi chovala cha mvula, zimenezo ulendo wotsatira zitsale.